Amene Ankadula Mathalauzi Anga

Nkhani iyi ndakhala ndikuithawa kwa zaka zambiri. Mlamu wanga akangoiyamba pa ukwati kapena pa chinkhoswe, ine ndimanyamuka ngati wina wandiitana kuseri. Koma poti aliyense amaikamba mothira mchere wake, lero ndiinene ndekha, ndidzivule ndekha pagulu. Sekani, koma musekere kumbali, ndine munthu wamkulu tsopano.

Inali nthawi imene matipate anali atangolowa kumene. Ine ndinali mphunzitsi pa sukulu ina ya pulayimale kumapiri a ku Ntchisi, kufupi ndi Kasakula. Amene simunaione nthawi imeneyo simungamvetse. Tinali titakhala zaka ndi zaka pakamwa pali potseka, ndiye tsiku lina anangoti, “Yankhulani.” Ee! Tinayankhula mpaka malovu kuuma.

Ndikaweruka kusukulu, kunyumba ndinkangopitako kukaponya mabuku ndi kusintha malaya, basi ulendo wa pa Kasakula. Pakhonde la sitolo ya Che Saidi, amene analinso telala, panali bawo, wailesi, ndi amuna angapo okonza dziko ndi pakamwa. Ine ndinali wapampando wawo, ngakhale panalibe amene anandivotera.

Kunyumba ndinkasiya mkazi wanga, Nabanda, wa kwa Bowe ku Dowa. Munthu wofatsa, wosadziwa kukweza mawu. Tinali titatha zaka zisanu tili pabanja, koma mwana ayi. Kawiri konse anapita padera. Nkhani imeneyi inkatipweteka tonse, koma sitinkaikamba. Ine ndinkaithawira ku bawo, iye ankaithawira kwa akalulu ake.

Akaluluwo anali awiri, oyera mbee, ndipo amene anamupatsa ndi asisitere a ku parishi kuti aziweta. Wamphongo anagwidwa ndi galu wa eni, n’kutsala wamkazi yekha, amene Nabanda anamutcha Thonje. Tsiku lina ndinati, “Watsala yekhayu bwanji tingomuona mu poto?” Diso limene anandiponyera, sindinabwerezenso. Thonje ankakhala m’kakhola ka nsungwi kuseri kwa nyumba, ndipo zimene ndinkadziwa za iye zinali zokhazo.

Ndiye Lolemba lina m’mawa, ndikuvala thalauzi langa lakuda lopitira kusukulu, ndinaona kuti mpendero wa mwendo wakumanzere wadulidwa. Kansalu kotalika ngati chala kanali katachoka, kosaoneka komwe kagwera.

“Nabanda, m’nyumba muno mwalowa makoswe?”

“Sindinawaone, a Phiri,” anayankha ali kukhitchini.

Ndinangopinda thalauzilo n’kupita kukaphunzitsa. Lachitatu, zingwe za nsapato zanga zinali zidutswa zitatu. Lachisanu, nsonga ya tayi yanga yofiira kulibe! Tayi imene ana a Sitandade 6 ankandiopera!

Madzulo ake ndinanyamula thalauzi ndi tayi kupita nazo kwa Che Saidi kuti akasoke. Iwo anavala magalasi, anatembenuza nsaluyo uku ndi uku, kenako anandiyang’ana pamwamba pa magalasiwo.

“Aphunzitsi, mwati makoswe?”

“Eya, nanga n’chiyaninso?”

“Ine ndakalamba ndi nsalu. Khoswe amateketa, amasiya ulusi uli nyankhalala. Apa taonani, padulidwa mopendeketsa, bwinobwino, kamodzi n’kamodzi. Apa padutsa sizasi kapena lumo latsopano.”

Pa bawo panali a Zakeyo, mkulu wina wogula fodya, amene ankadziwa chilichonse kuyambira mitengo ya feteleza mpaka za kumwamba. Anasiya nkhomo zili m’manja n’kusendera pafupi.

“Aphunzitsi, ndifunse. Zovala za mayi kunyumba nazonso zikudulidwa?”

“Sindinaone.”

“Kaoneni. Ngati zawo zili bwinobwino, ndiye pepani, mwapita.”

“Ndapita kuti?”

“Khuzumule ameneyo! Mkazi akaona kuti mwana sakubwera, amaopa kuti bambo ayang’ana kwina. Ndiye amadula kansalu ka chovala cha mwamuna, kupita nako kwa sing’anga, kukatentha, phulusa lake m’ndiwo. Mukangodya, basi. Pakutha pa mwezi mudzakhala mukutsuka mbale uku mukuimba nyimbo ya kwaya, mayi atakhala pampando.”

Amuna onse anaseka chikhakhali. Inenso ndinaseka nawo, n’kunena kuti, “Ine munthu wa sukulu, wa tchalitchi, zimenezo sindizikhulupirira.” Koma pobwerera kunyumba, njinga ndinkaipalasa ngati ndikuthamangitsidwa.

Nditafika, Nabanda anali kudimba. Ndinatsegula sutikesi yake. Zitenje zake, madiresi ake, duku lake la kutchalitchi, zonse zopindidwa bwino, popanda ngakhale kabowo. Munthu wophunzitsa ana sayansi, ndinakhala pa bedi thukuta lili kamukamu.

Kuyambira tsiku limenelo ndinasiya kudya pakhomo.

“A Phiri, chakudya chapsa.”

“M’mimba mukundipotokola.”

Mawa lake chimodzimodzi.

“Ndiye tipite kuchipatala.”

“Ayi, musiya mokha.”

Ndinkakhalira zitumbuwa ndi nthochi za pamsika, mpaka lamba ndinaboola bowo lina. Nabanda anayesa zonse. Anaphika nkhwani wotendera umene ndinkaukonda, ine ayi. Anaphika futali, ine ayi. Tsiku lina anapha nkhuku yake ya msoti, imene inali itangoyamba kuikira. Fungo lake linandipeza ndili panjira, m’mimba mukulira ngati ng’oma. Anabwera nayo, anagwada, anavundukula mbale. Ine ndinayang’ana kudenga n’kunena kuti, “Ndadya kale.”

Anavundikiranso mbaleyo pang’onopang’ono n’kutuluka. Pa zonse zimene ndinachita, chimenechi ndi chimene chimandiwawabe mpaka lero.

Koma uchitsiru ukakugwira sumva. Tsiku lina masana ndinamuona akukwera chitunda kuchokera kuchitsime, ndowa ili pamutu, chigubu chili kumanja, thukuta likuyenderera m’khosi. Mtima wanga unangosweka. Ndisanaganize n’komwe, ndinali nditathamanga, ndamulanda chigubu, ndamutula ndowa pakhomo. Iye anandiyang’ana modabwa, n’kumwetulira pang’ono.

Pomwepo mutu unaima. Mayo ine! Ndatunga madzi! Mankhwala ayamba kugwira!

Ndinakwera njinga mpaka kwa a Zakeyo.

“Koma alowera pati, popeza chakudya sindikudya?”

“Tiyi mumamwa?”

“Wam’mawa yekha.”

“Ndiye mukufunsanso chiyani? Anthu awa ndi akatswiri, aphunzitsi.”

Ndinasiyanso tiyi.

Chimene chinandimaliza chinali kabudula wam’kati. Pepani, ndanena kale kuti ndidzivula ndekha. Ndinamupeza pansi pafupi ndi bedi, mbali imodzi yonse palibe. Apa ndiye ndinati zafika pa mwana wakana phala. Ndinalongedza umboni wonse mu jumbo, ndinapita kwa amalume anga, a Gasiteni, amene anali nkhoswe yanga. Iwo anatumiza uthenga kwa Bowe, kwa mlamu wanga Dominiko, mchimwene wake wa Nabanda, amene anali nkhoswe ya kuchikazi.

Anafika Loweruka m’mawa. Amalume anabwera atavala suti yawo imodzi yomweyo, ya bulawuni, imene ankavala pa milandu ndi pa Khirisimasi pokha. Tinawapatsa mpando wa ndalema, wabwino kuposa yonse m’nyumbamo. Mlamu Dominiko anakhala pa mpando wina, ine pa sitului, Nabanda pamphasa pafupi ndi chitseko, maso ali pansi.

“Wamva m’mimba ndiye atsekula chitseko,” anatero amalume. “Watiitana ndiwe, mphwanga. Yankhula.”

Ndinaimirira ngati ndili m’kalasi. Ndinatulutsa thalauzi, tayi, zingwe za nsapato, n’kuziyala patebulo chimodzichimodzi. Kabudula uja ndinangomuonetsa nsonga n’kumubwezera mu jumbo. Ndinafotokoza zimene ananena Che Saidi za sizasi, ndi zoti zovala za mayi zili bwinobwino. Pomaliza ndinanena kuti, “Ndiye ine ndikuganiza kuti m’nyumba muno ndikudyetsedwa khuzumule.”



Nabanda anadzutsa mutu. Sanakalipe. Misozi inangotsika yokha.

“A Phiri, ndiye chifukwa chake munkakana chakudya changa? Ine ndimayesa mwapeza wina wokuphikirani pa Kasakula, woti akuberekereni mwana. Ndinali nditavomera kale mumtima. Koma zoti ine ndingakuthirireni mankhwala?” Anatembenukira kwa mchimwene wake. “Achimwene, ngati umu ndi mmene amandionera, ine nditsagana nanu lero lomwe. Sindingakhale ndi munthu woopa dzanja langa.”

Mawu amenewo anandilasa. Ndinaona kuti akunena zoona, ndipo kuti dzuwa likamalowa ndikhala ndekha m’nyumba muja ndi jumbo yanga. Koma kunyada kunandiletsa kupepesa.

Mlamu Dominiko anali atafiira maso. “Mlamu, mlongo wanga munamuona ndi sizasi m’manja?”

“Ayi, koma umboni…”

“Munamuona?”

Amalume anakweza dzanja. “Ana inu, dekhani. Kuona maso a nkhono n’kudekha.” Ndiye anayamba. Amalume akayamba kuyankhula, ngakhale wansembe ankayang’ana wotchi. Anayambira pa ukwati wa agogo awo, anadutsa pa Adamu ndi Hava, anakhotera ku matipate, akuti masiku ano aliyense akufuna ufulu, ngakhale m’banja mwalowa otsutsa boma. Maso anali otsinzina, chala chili m’mwamba.

Ali pakati pa ulaliki, ndinamva kaphokoso. Tche, tche, tche, tche. Ndinayesa ndi wotchi ya mlamu. Kenako ndinaona mlamuyo akuyang’ana pansi pa mpando wa amalume, kukamwa kuli yasa. Ndinayang’ana nanenso.

Pansi pa mpando panali Thonje. Anali atakhala mwaulemu, makutu ali chilili, mphuno ikugwedera, ndipo mpendero wa suti ya amalume uli m’kamwa. Ankadula mosafulumira, ngati telala wodziwa ntchito yake. Chingwe cha nsapato yakumanja anali atamaliza kale.

Mlamu anagwira pakamwa, mapewa akugwedezeka.

“Choncho,” amalume anamaliza, “ine ndiimirire ndinene chigamulo changa.”

Anaimirira, anaponya phazi kutsogolo, nsapato inatsala pomwepo. Anayang’ana sokosi yawo, anayang’ana thalauzi, kenako anaonana maso ndi maso ndi kalulu, kansalu ka bulawuni kakulendewera pakamwa pake.

“Mayi wanga ine! Suti yanga!”

Mlamu Dominiko anawerama, anatola kansalu kamene kanagwa, anakayika pambali pa thalauzi langa patebulo. Kadulidwe kake kanali kamodzimodzi, kopendeketsa, bwinobwino. Ndiye anati, nkhope ili siriyasi, “Pepani amalume, zaoneka kuti nanunso mwalowa m’gulu. Pofika mawa mukhala mukutsuka mbale.”

Anaseka mpaka anagwa pa mpando. Amalume anayesa kukwiya, koma zinawakanika, nawonso anayamba kuseka akupukuta misozi ndi chipewa. Ine ndinkafuna nthaka ing’ambike ndilowe. Ndinangoti, ndi mawu aang’ono, “Koma kalulu ameneyu amakhala m’khola.”

Nabanda yekha ndi amene sankaseka. Anamunyamula Thonje n’kumuika pamiyendo.

“Amakhala m’khola inu mukakhalapo,” anatero. “Lero wangodula nsungwi n’kudzitulukira yekha. Koma masiku onse mukangochoka ndimamulowetsa m’nyumba. Chifere mnzake, anasiya kudya, ankangoluma nsungwi za khola mpaka kukamwa kutuluka magazi. Asisitere anandiuza kuti mano a kalulu sasiya kukula, ndiye amafuna chotafuna nthawi zonse, ndipo akasungulumwa amatafuna chilichonse chimene wapeza. Anati ndimupezere mnzake, khola likhale lalikulu, muzikhala timitengo. Ndinakupemphani katatu, a Phiri. Katatu konse munati mawa, uku mukukwera njinga.”

“Nanga bwanji ankadula zanga zokha?”

“Zanga ndimapinda n’kuika mu sutikesi. Zanu mumavulira pansi ngati njoka yofundula, ndipo mumati ndisamazigwire chifukwa m’matumba muli mapepala a ndale. Mukanandionetsa tsiku loyamba lomwe lija, ndikanakuuzani. Koma munakafunsa kwa a Zakeyo.”

Anasisita makutu a kaluluyo, n’kupitiriza motsitsa mawu. “Ine sindimuda. M’nyumba muno mumakhala zii kuyambira m’mawa mpaka dzuwa kulowa. Iyeyu ali ndi mwayi, akasowa wocheza naye amatafuna. Ine ndimangokhala.”

Kuseka kuja kunatha. Amalume anatsokomola, anavala nsapato yawo yopanda chingwe, n’kunena chigamulo chachifupi kuposa zonse zimene ananenapo pa moyo wawo. “Mphwanga, ndiwe chitsiru. Pepesa, ukonze khola, ndipo udye.”

Ndinagwada pamphasa paja, pamaso pa ankhoswe, ine mphunzitsi wa tayi yofiira. Ndinati, “Nabanda, ndakulakwira kwambiri. Usapite.” Mawu ena anakana kutuluka chifukwa nanenso ndinali ndikulira. Anandiyang’ana, kenako anati, “Taonani mmene mwaondera. Dikirani nditereke madzi.” Tsiku limenelo ndinadya mbale ziwiri, ndipo mlamu ankati ndikatapa ndiwo iye n’kumati, “Pang’onopang’ono mlamu, mankhwala angakugwireni.”

Lolemba lake nditaweruka sindinapite ku bawo. Ndinadula nsungwi kudambo, ndinamanga khola lalikulu loti kalulu n’kuthamangamo, mbali ina ya mthunzi, pansi pake dothi loti azikumba. Nabanda ankandigwirira nsungwi ine ndikumanga ndi luzi, ndipo tinakamba zambiri, ngakhale za ana athu awiri aja amene sitinawaone nkhope. Kanali koyamba kuzikamba.

Loweruka ndinapalasa njinga kupita ku parishi, n’kubwera ndi kalulu wina wa mawangamawanga m’katoni. Masiku oyamba tinawaika moyandikana, pakati pali nsungwi, kuti azolowerane asanayambe kulumana. Katoni ija tinaisiya m’kholamo, ndipo anaing’amba mosangalala mpaka inatha. Ndinaphunzira kuti nthambi za mabulosi ndi za gwafa amazikonda, kuti udzu wouma usamasowe, kuti chisoso ndi kholowa ukazimangirira m’mwamba pang’ono amatanganidwa nazo nthawi yaitali. Ndinaphunziranso kupachika thalauzi pa msomali. Chiyambire pamenepo Thonje sanadulenso kanthu m’nyumba.

Patapita milungu itatu, tsiku lina madzulo dzuwa lisanalowe, tinali pakhonde. Nabanda ankasenda mtedza, ine ndinali nditakhala pansi, Thonje ali pamiyendo, ndikumudulira nthambi za mabulosi. Pambali panga panali mbale zimene ndinali nditangotsuka, chifukwa mayi anali atatopa. Sindikudziwa kuti zinayamba bwanji, koma ndinali ndikung’ung’udza kanyimbo ka kwaya.

Pamsewu panatulukira a Zakeyo ndi Che Saidi, akubwera kudzaona ngati wapampando wawo akudwala. Anaima pa mpanda. Anayang’ana mbale, anayang’ana kalulu, anayang’ana ine. A Zakeyo anavula chipewa n’kuchigwira pachifuwa ngati afika pa maliro.

“Che Saidi, ndinanena ine. Mpaka nyimbo! Tiyeni tizipita, munthuyu tamutaya.”

Ndinafuna kuwathamangira kuti ndiwafotokozere za mano a kalulu, koma Thonje anali atagona bwino pamiyendo panga, ndipo kunena zoona sindinkafuna kudzuka. Atapita, ndinayang’ana mbale zija, ndinayang’ana mkazi wanga, kachikayiko kakang’ono n’kubweranso.

“Nabanda,” ndinanong’ona, “tangondiuza, sindikwiya. Zoonadi sunathireko ngakhale pang’ono?”

Sanasiye n’komwe kusenda mtedza wake.

“Mukanadyera pati, a Phiri? Si paja madzi aja munatunga muli ndi njala?”

Mwamuna woopa khuzumule amakhala kuti anadya kalekale, tsiku limene anafunsira.